Mwana akamadzigunditsa mutu kukhoma

Zida za ntchito yangayi zimakwana m'kachikwama kamodzi. Muli kope la sukulu, pensulo, foni yoonera nthawi, ndi timakhadi ta zithunzi tomatidwa selotepi mbali zonse kuti tisanyowe, poti mvula ya kuno ku Mzuzu simva zoti Epulo watha. Khadi lina lili ndi chithunzi cha kapu, lina mbale, lina chitseko. Anthu akamva kuti kukubwera wodzathandiza mwana wawo amayembekezera jakisoni, ndipo ena sabisa kukhumudwa akaona mlendoyo akutulutsa kope n'kupempha kampando.

Ntchitoyi ndi yothandiza ana ndi achinyamata amene ali ndi autism, kapena ulumali wa mu ubongo wochedwetsa kuphunzira ndi kulankhula, pamene khalidwe lawo lasowetsa apabanja mtengo wogwira. Wina amadzigunditsa mutu kukhoma. Wina amadziluma padzanja mpaka bala silipola. Wina amamenya mng'ono wake, amaswa mbale, amavula pagulu, amadya dothi, kapena amangotulukira pamsewu osayang'ana galimoto. Pofika pakhomo timalandiridwa ndi mawu amodzimodzi: "Tayesa zonse." Ndipo sanama ayi. Kwa asing'anga anapita, kumapemphero ochezera usiku anapita, kukwapula anakwapula, kunyengerera ananyengerera. Pamakomo ena mwanayo amam'tsekera m'nyumba, kapena kum'manga mwendo ndi chitenje, kuti mayi apeze mpata wokagulitsa masamba ku Zigwagwa. Chitenjecho chiyenera kumasulidwa, pamenepo palibe zokambirana, koma wochimasula abwere ndi yankho la funso la mayiyo, loti ana adya chiyani mawa iye akakhala pakhomo.

Pa nkhani imeneyi Mzuzu ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Abale achikatolika a St John of God ochokera ku Ireland anafika mumzinda muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene wodwala maganizo wa kumpoto ankanyamulidwa ulendo wonse mpaka ku Lilongwe kapena ku Zomba. Lero bungweli lili ndi chipatala cha matenda a maganizo, malo othandizira ana olumala ndi ochedwa kukula, sukulu ya ntchito zamanja, ndi koleji yophunzitsa ogwira ntchito zaumoyo wa maganizo. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera ambiri amachokera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Komabe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu Mzuzu, ndipo bungwe la WHO linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali ndi autism, osawerengera a ulumali wina. Ogwira ntchitoyi ndife owerengeka. Ife timakhala ndi mwana ola limodzi, maola ena onse a sabatayo ali m'manja mwa amayi ake, agogo ake ndi mchemwali wake wa Sitandade 7. Amene timawaphunzitsa kwenikweni ndi amenewa.

Wodziwa ntchito asanatsegule kope amayamba wayang'ana m'kamwa mwa mwana. Mwana wosalankhula sanganene kuti dzino likum'pweteka, amangodzimenya patsaya. Amene khutu likuchita mafinya amadzimenya m'mbali mwa mutu. Wodzimbidwa amakana kukhala pansi, amabuula usiku, amaluma womugwira. Pali mphere, chilungulira, njoka zam'mimba, ndi msambo woyamba mwa mtsikana amene palibe anam'konzekeretsa. Khalidwe limene layamba mwadzidzidzi mwa mwana amene anali wofatsa liyambe laonedwa ndi achipatala, ku Mapale kapena ku Central, ife tibwere pambuyo.

Timafunsanso za khunyu, chifukwa limayenda limodzi ndi ulumali woterewu, ndipo si khunyu lonse limene limagwetsa munthu pansi. Lina mwana amangoti duu, maso tong'oo, pakamwa pakutafuna, kenako amadzidzimuka ali wosokonezeka n'kukankha amene ali pafupi. Apabanja amati wayamba ndewu. Funso lina limene sitiiwala ndi loti, "Kodi anagonekedwapo ndi malungo aakulu aja okomola?" Kafukufuku amene Gretchen Birbeck ndi anzake anachita ku Blantyre n'kumufalitsa mu 2010 anatsatira ana amene anachira malungo a mu ubongo. Ena mwa iwo anatuluka m'chipatala akuoneka bwinobwino, koma patapita miyezi anayamba khunyu, ena anasintha khalidwe n'kukhala aukali ndi osakhazikika. Mayi akamati mwana wake sanali chonchi asanadwale, amakhala akunena zenizeni.

Tikatha zimenezo ndiye kope. Tsamba lililonse timalidula magawo atatu. Kumanzere timalemba nthawi ndi zimene zimachitika mwana asanayambe, pakati zimene mwanayo wachita, kumanja zimene anthu achita pambuyo pake. M'kopemu muli mawu oletsedwa. "Anakwiya," "anachita mwano," "zinamubwerera," onsewa salowamo. Timalemba zimene diso laona: wagunditsa chipumi pakhoma la kukhitchini katatu, agogo athamanga, am'patsa mandasi. Pakhomo pakakhala popanda wolemba timaika zitini zitatu, cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo, ndipo mwana akachita khalidwe lija mayi amaponya nyemba imodzi m'chitini cha nthawiyo. Sabata ikatha nyembazo zimakhala ndi zonena.

Makolo ambiri amati mwana wawo amachita zimenezi popanda chifukwa. Kope kawirikawiri limatsutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chovuta kwambiri kwa wophunzira ntchitoyi n'kukhala pakona manja ali pamiyendo, osathamangira kukonza zinthu asanazimvetse.

Nzeru imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1982, ku Baltimore m'dziko la America, Brian Iwata ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa ana asanu ndi anayi odzivulaza okha. Mwana aliyense ankamulowetsa m'chipinda mosinthasintha. Nthawi ina munali wamkulu wotanganidwa ndi kuwerenga, amene ankatembenuka pokhapokha mwana akadzimenya. Nthawi ina mwana ankapatsidwa ntchito yovuta imene inkaimitsidwa akadzimenya. Nthawi ina ankasiyidwa yekha popanda chochita, ndipo nthawi ina ankasewera momasuka wamkulu akumusamala. Mwa ana asanu ndi mmodzi, kudzivulaza kunkakwera m'chipinda cha mtundu umodzi mobwerezabwereza, koma si onse amene anafanana chipinda. Ana awiri amatha kudzimenya mofanana ndendende, wina akufuna kuti munthu amuyang'ane, mnzakeyo akufuna kuti anthu amusiye. Ukawapatsa thandizo lofanana, mmodzi achira, winayo zifika poipa.

Lero timati khalidwe lotere limapezera mwana chimodzi mwa zinthu zinayi: chidwi cha munthu, chinthu chimene akufuna, kuthawa chimene chikumusautsa, kapena kumva kwina kwake m'thupi kumene kumam'khazika mtima pansi. Ntchito yonse yagona podziwa kuti mwana uyu, pakhomo pano, akupeza chiti.

Ku Chibavi kuli mnyamata wina wazaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, wosalankhula, amene chipumi chake chinali ndi chotupa chosaphwa. Kope la mchemwali wake linaonetsa kuti ankadzigunditsa kwambiri mbaula ikayaka ndiponso ana akabwera kusukulu ndi chodyera m'manja. Gawo la kumanja linkabwereza zomwezomwezo: thobwa, mandasi, kachidutswa ka mbatata. Mnyamatayu anali atapeza njira yopemphera chakudya imene sinkalephera. Ankati akakoka chitenje cha amayi ake ankauzidwa kuti adikire, akalira ankauzidwa kuti akhale chete, koma khoma likangomveka kuti gu, nyumba yonse inkaima.

Apa ndiye pamalowa khadi. Pamafunika anthu awiri. Mayi amakhala kutsogolo atagwira kapu ya thobwa, osanena kanthu, ndipo khadi la kapu lili pamphasa pakati pawo. Mwana akangotambasula dzanja kuti alande kapu, amene ali kumbuyo kwake amagwira dzanjalo mofatsa, kulitsitsira pakhadi, kulinyamulitsa, n'kuliika m'manja mwa mayi. Nthawi yomweyo mayi amati "Thobwa!" n'kupereka. Osati akapukute kaye m'manja, osati amuuze kaye kuti anene zikomo. Nthawi yomweyo. M'kapumo mumakhala thobwa la kumeza kamodzi, kuti mwana afunenso, ndipo zimabwerezedwa mpaka ludzu litatha. Wakumbuyo uja amachepetsa thandizo pang'onopang'ono: poyamba dzanja lonse, kenako chigongono chokha, kenako kungokhudza phewa, mpaka tsiku lina mwana amatola yekha. Pambuyo pake mayi amasunthira patali, khadi limakapachikidwa pamsomali, ndipo mwana amaphunzira kukalitenga n'kumulondola mayi mpaka kuseri kwa nyumba.

Njira yophunzitsa mwana kupempha m'malo modzivulaza anaionetsa bwino Edward Carr ndi Mark Durand mu 1985, ndipo ya kusinthana zithunzi anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware m'zaka zomwezo. Chinsinsi chake n'choti njira yatsopanoyo ikhale yosavuta kuposa yakale, iyankhidwe msanga kuposa yakale, ndipo igwire ntchito kwa aliyense wapakhomo. Makolo ena amaopa kuti mwana akazolowera khadi sadzalankhulanso. Ofufuza sanapeze kuti zithunzi zimatsekereza mawu, ndipo ana ena amayamba kutchula dzina la chinthu chija ali nalo khadi m'manja. Mwana amene samva za zithunzi timam'patsa kapu yeniyeni yopanda kanthu kapena supuni, bola akhale ndi chopereka.

Chimene ndimachenjezeratu banja lililonse n'choti zinthu zimayamba zaipa. Munthu akafika pamjigo umene wakhala ukutulutsa madzi masiku onse n'kupeza kuti lero sukutulutsa, sanyamula ndowa n'kumapita. Amayamba wapopa mwamphamvu, mokwiya, mwinanso kuumenya. Mwana nayenso akaona kuti khoma lasiya kubweretsa mandasi amaligunda kwambiri kuposa kale. Masiku amenewo ndi oopsa, ndipo sitinena kuti anthu angomusiya. Wina amaika pilo kapena dzanja pakati pa mutu ndi khoma, mwakachetechete, osakalipa, osalalikira, ndipo mwana akangopuma pang'ono amamulozera khadi.

Pamenepa m'pamene agogo a mnyamata uja anandiimitsa.

"Aphunzitsi, ndiye mukuti ndizingomuonerera mdzukulu wanga akudziphwanya mutu?"

"Ayi agogo, mugwireni ndithu, mutchinjirizeni. Koma mandasi asatuluke nthawi imeneyo. Akakupatsani khadi ndiye mum'patse, ngakhale abwere kakhumi."

"Nanga akalira?"

"Alira ndithu. Inu ndi amene amakumverani, n'chifukwa chake khadi loyamba tikufuna lizibwera kwa inuyo."

Agogo sitilimbana nawo. Ndi iwo amene anam'bereka kumsana mwanayu pamene ena ankanyansidwa naye, ndipo ukawachititsa manyazi ntchito yathera pomwepo. Koma zoona zake n'zoti munthu mmodzi wogonja mwa apo ndi apo amalimbitsa khalidwe kuposa banja logonja nthawi zonse, chifukwa mwana amaphunzira kuti akalimbikira mokwanira pena zimatheka.

Kusukulu nkhani imakonda kutembenuka. Mtsikana wina wa ku Masasa ankaluma anzake m'kalasi la ana ochuluka kwambiri, ndipo chilango chake chinali kumutulutsa panja. Iye panjapo ndi pamene ankafuna. Ankaluma ntchito yokopera pabolodi ikatalika, ndipo akaluma phokoso ndi kukopera zinkatha nthawi imodzi. Aphunzitsi ake, munthu wakhama koma wothodwa ndi kuchuluka kwa ana, anavomera kumukhazika kufupi ndi chitseko, kumupatsa mizere iwiri m'malo mwa khumi, ndi kumulola kutuluka mphindi zochepa akaonetsa khadi la chitseko. Ena anati kumeneko n'kumulekerera. Komatu kutuluka ankatuluka kale, kusiyana kwake n'koti tsopano palibe mwana wopita kwawo ndi mano pamkono.

Ana ena vuto lawo lili m'makutu ndi pakhungu. Mvula yamphamvu padenga la malata lopanda siling'i, zokuzira mawu za kutchalitchi, chigayo chapafupi, chilembo chakumbuyo kwa kolala ya yunifolomu, zonsezi zimatha kuwawa ndithu. Apa sipafunika kusintha mwana. Timakhoma makatoni kapena mphasa kunsi kwa malata m'chipinda chimodzi, timamuveka chipewa chaubweya chophimba makutu, timadula chilembocho, ndipo kutchalitchi banja limakhala kumbuyo kufupi ndi khomo.

Pali zinanso zimene ine sindizigwira n'komwe. Mwana akamakupiza manja, kudzigwedeza uku ndi uku, kundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, kapena kukana kuyang'ana munthu m'maso, savulaza aliyense. Makolo amapempha kuti zimenezi zithe chifukwa anthu amacheuka m'minibasi. Ndimawamvetsa, koma kudzigwedezako n'kumene kumam'thandiza mwanayo kupirira minibasiyo. Ukam'landa zimenezo, afunafuna china, ndipo chinacho chingakhale choopsa.

Ntchito yathuyi ili ndi mbiri yoipa imene wophunzira aliyense ayenera kuidziwa. M'zaka za m'ma 1960, Ivar Lovaas wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles ankagwiritsa ntchito makofi ndi magetsi pofuna kusintha khalidwe la ana a autism. Ku Massachusetts kuli malo otchedwa Judge Rotenberg Center amene adziwika kwa zaka zambiri ndi kachipangizo kogwiritsa anthu shoko yamagetsi. Boma la America linaletsa kachipangizoka mu 2020, koma khoti linachotsa chiletsocho mu 2021. Anthu a autism amene anakula akuphunzitsidwa mokakamiza alankhula poyera kuti anaphunzira kumvera chilichonse ndi kubisa kuvutika kwawo, ndipo ine ndimaona kuti ali ndi mfundo. Mwana wolumala amene waphunzitsidwa kuti wamkulu sakanidwa ali pachiswe, makamaka mtsikana. N'chifukwa chake pakati pa makhadi oyambirira timaikapo lokanira. Chikwapu chimaletsa khalidwe wokwapulayo akakhalapo, koma sichiphunzitsa mwana chochita m'malo mwake, ndipo mnyamata amene lero akukwapulidwa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri adzakhala wamtali kuposa amayi ake akadzafika 16.

Za mankhwala si gawo langa, amalemba ndi achipatala, koma zotsatira zake ndimaziona pakhomo. A khunyu ndi ofunika kwambiri ndipo sasiyidwa mwachisawawa, ngakhale kuti phenobarbitone amatha kupangitsa ana ena kukhala osakhazikika ndi opsa mtima msanga, zimene mayi ayenera kukauza adokotala. Risperidone amachepetsadi ukali mwa ana ena a autism, koma amanenepetsa ndi kugonetsa. Mu 2008 Peter Tyrer ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zimene anapeza pa akuluakulu 86 a ulumali wa mu ubongo amene ankachita ndewu. Ena anapatsidwa risperidone, ena haloperidol, ena mapiritsi opanda mankhwala. Patatha milungu inayi ndewu zinatsika m'magulu onse atatu, ndipo zinatsika kwambiri mwa amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu aja. Mwana wogona tsiku lonse samenya munthu, n'zoona, koma saphunziranso kalikonse.

Mbali yolemera kwambiri ya ntchitoyi ndi mayi. Kafukufuku wa Charles Masulani-Mwale ndi anzake, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti mwa makolo a ana a ulumali wa mu ubongo amene anafunsidwa m'Malawi muno, anayi mwa khumi aliwonse anali opsinjika maganizo. Amene amayenda m'makomo sangadabwe. Pali amayi amene amuna awo anachoka mwana atangoyamba kuoneka zachilendo, ena achibale a kuchimuna amawanena kuti ulumaliwo unachokera kumtundu kwawo, ndipo banja likakhala ndi kagolosale koyenda bwino anthu amanong'onezana kuti anakhwimira mwanayo. Kuloza mayi chala si kwathu kokha. Leo Kanner atafotokoza za autism koyamba mu 1943, akatswiri a ku America anatha zaka zambiri akunena kuti vutoli limabwera chifukwa cha amayi osakonda ana awo, bodza limene linasweka pambuyo pake. Mayi amene sanagone usiku wonse sangathe kusunga ndondomeko ya masamba atatu. Timasankha khalidwe limodzi, nthawi imodzi ya tsiku, ndipo nthawi zina ulendo wonse umathera pokambirana kuti ndani angatsale ndi mwana Loweruka masana kuti iye akapume.

Khadi likagwira, limabala vuto lake. Mwana amalibweretsa kosalekeza, ndipo mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwa kumene furiji imakhala yodzaza. Mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikakwera mtengo, pakhomo pamene mwana waphunzitsidwa kuti khadi limabweretsa mandasi pamakhala palibe ngakhale ufa wa phala lachiwiri. Choncho poyambirira pomwe timasankha zinthu zimene banja lingakwanitse chaka chonse, monga madzi, mbatata, kutuluka panja, wailesi, kuseweretsa madzi m'beseni. Kenako timaphunzitsa kudikira, kumene kuli kovuta kuposa kupempha. Mayi amalandira khadi, amati "Ndamva, dikira," amawerenga zala zitatu mwana akuona, n'kupereka. Mawa zala zisanu. Pambuyo pake timamata khadilo pakatoni ya mbali ziwiri, yobiriwira ndi yofiira. Ikakhala kobiriwira chinthucho chilipo, ikatembenuzidwira kofiira palibe, ndipo mayi amamuonetsa mphika wopanda kanthu kuti aone ndi maso ake, n'kumupatsa china choti asankhe. Poyamba mbali yofiira imakhala masekondi ochepa chabe, ndipo imatalika malinga ndi mmene mwana akupiririra. Mayi asanamize, asanene kuti zatha pamene wabisa m'kabati, chifukwa ana amenewa amakumbukira pamene zinthu zimakhala.

Mnyamata wa ku Chibavi uja tsopano amadikira nsima mpaka ipse, bola apatsidwe ntchito yonyamula mbale kupita nazo pamphasa. Chotupa cha pachipumi chinaphwa. Masiku ena amadzigunditsabe, makamaka akadwala kapena kunyumba kukabwera alendo ambiri, ndipo mchemwali wake amalembabe m'kope. Ntchito imene tili nayo pano ndi ya kumeta, chifukwa akangomva kulira kwa mashini ometera amathawa. Wometa wa pafupi ndi kwawo anavomera kuzimitsa wailesi mnyamatayo akafika. Sabata ino akungoima pakhomo la babashopu n'kuonerera ena akumetedwa, sabata yamawa akakhala pampando mashini ali chizimire.